Tifunseni: Za atachimenti pa tchuthi chachitali

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite amene akusaka malo okaphunzirira ntchito pa tchuthi chachitali, komanso amene anayamba kale. Ena amati atachimenti, ena amati internship. Tasankhapo makalata asanu, ndipo ayankha ndi alangizi athu a za ntchito.

Akonzi, ndatumiza makalata ku makampani 14 kupempha malo koma konse kuli zii. Kwatsala masabata atatu kuti titsekere. Ndikulakwitsa pati?
*Wa chaka chachiwiri, maphunziro a zamalonda*

Choyamba mwachedwa. Makampani akuluakulu amatseka mndandanda wawo kudakali miyezi ingapo. Ku Ulaya ndi ku America, kumene atachimenti imachitika pakati pa June ndi August, mabanki ndi makampani ena otchuka amayamba kulandira makalata cha m'ma September kapena October chaka cham'mbuyo. Pa masabata atatu mwatsala nawowa, asiyeni kaye akuluakuluwo. Yesani malo ang'onoang'ono kumene munthu m'modzi akhoza kungoti "bwerani Lolemba" osadikira komiti.

Chachiwiri, tikukhulupirira kuti makalata 14 amenewa ndi kalata imodzi yomwe mumangosintha dzina la kampani pamwamba. Wowerenga amazindikira pa mzere woyamba. Kalata yopempha malo imakwana ndime zitatu. Yoyamba inene maphunziro anu, chaka chimene muli, ndi masiku enieni amene mudzayambe ndi kutsiriza. Yachiwiri itchule dipatimenti imene mukufuna ndi chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene manja anu amatha kale, monga kukonza matebulo pa Excel kapena kulemba maminitsi a msonkhano. Yachitatu inene zimene mwaphatikiza: CV ya tsamba limodzi ndi kalata yochokera ku dipatimenti ya koleji yanu. Kalata ya kolejiyi musaiiwale, chifukwa ndi imene imatsimikizira kampani kuti ndinudi wophunzira ndipo pali wofunsidwa zikavuta.

Tumizani zonse ngati PDF, ndipo fayilo ikhale ndi dzina lanu, osati "CV yatsopano 3". Pakapita masiku asanu ogwira ntchito, imbani foni kamodzi kufunsa ngati kalata inafika komanso ili m'manja mwa ndani.

Ndatha masabata awiri ndikungopanga fotokope ndi kutumidwa uku ndi uku. Ondiyang'anira amakhala otanganidwa, ndipo ndimachita mantha kuwavutitsa. Ndingosiya?
*Wa chaka chachitatu, maphunziro a zowerengera ndalama*

Musasiye, koma musakhalenso chete. Dandaulo ili ndi limene timalandira kwambiri, ndipo kawirikawiri sikuti akukudani. Chimene chimachitika n'chakuti ofesi ya olemba ntchito inavomera kukulandirani koma dipatimenti sinakonze zoti mudzachite. Wokuyang'aniraniyo akayerekeza, amaona kuti kukufotokozerani ntchito kumutengera ola lathunthu pamene iye yekha angaimalize pa mphindi 20. Ndiye amakupatsani chimene sichifuna kufotokoza: fotokope.

Werengani masiku anu. Atachimenti ya masabata 10 ndi masiku 50 okha ogwira ntchito. Sabata yoyamba imathera kudziwa anthu ndi kudikira kompyuta, yomaliza imathera lipoti ndi kutsanzika. Inu masiku 10 apita kale.

Chitani izi mawa lomwe. Pemphani mphindi 15 zokha, ndipo tchulani nthawi: "Kodi Lachitatu m'mawa mungandipatseko mphindi 15?" Polowa, musanene kuti "mulibe ntchito yoti ndichite?" Funso limeneli limamusenzetsa munthu wotopa kale katundu wina woti akuganizireni. Bwerani ndi ntchito imene mwaiona nokha. Ofesi iliyonse ili ndi zinthu zimene aliyense amadandaula nazo koma palibe amazigwira: mndandanda wa makasitomala umene dzina limodzi linalembedwa katatu mosiyanasiyana, malisiti amene sanayerekezedwe ndi zolembedwa m'buku kwa miyezi iwiri, mafayilo osanjidwa chisawawa. Nenani motere: "Ndaona kuti mndandanda uja uli ndi mayina obwerezabwereza. Ndikhoza kuukonza pa kope lina, osakhudza weniweniwo, n'kukuonetsani Lachisanu." Munthu savutika kuvomera zoterezi chifukwa palibe chimene angataye.

Akakupatsani ntchito, musachoke pa desiki pake musanadziwe zinthu zinayi: ikufunika liti, ikhale yooneka bwanji, pali chitsanzo cha yakale chimene mungaonereko, ndipo iye akachokapo mufunse ndani. Safunsa anadya phula, koma kufunsanso kuli ndi kachitidwe kake. Mukakakamira, yesani nokha kwa mphindi 30, lembani zimene mwayesa, kenaka funsani. Mafunso ang'onoang'ono muwasonkhanitse n'kupita nawo kamodzi, m'malo mogogoda kasanu pa ola. Ndipo onetsani ntchito ikadali pa chiyambi, mwina mizere 20 yoyambirira, kuti ngati mwasochera akubwezeni musanawononge masiku atatu.

Fotokope nayo musainyoze kwambiri. Amene amanyamula mapepala kuchoka pa desiki ina kupita pa ina ndi amene amadziwa msanga kuti invoisi imasainidwa ndi anthu angati isanalipiridwe, ndipo imakakamira pati. Zimenezi m'kalasi saphunzitsa.

Zikapanda kusintha pofika sabata yachinayi, dziwitsani mphunzitsi amene amayendetsa za atachimenti ku koleji kwanu. Iye akhoza kulankhula ndi kampani mwa njira imene inu simungathe.

Ndinaona pa Facebook kuti bungwe lina likufuna ophunzira, koma akuti ndilipire kaye ndalama ya fomu kuti andisungire malo. Komanso kodi atachimenti yopanda malipiro ndi yololedwa?
*Wa chaka choyamba, maphunziro a zamakompyuta*

Musalipire. Kampani yeniyeni sigulitsa malo a atachimenti. Zizindikiro za akathyali zimafanana: akulembani popanda kukufunsani mafunso, akukufulumizitsani kuti malo atha lero, ndalama ikupita ku nambala ya foni ya munthu, ndipo adiresi ya imelo si ya kampani imene akuitchulayo. Pezani nokha nambala ya kampaniyo pa webusaiti yake n'kufunsa. Mabungwe otumiza ophunzira kunja monga AIESEC ndi IAESTE, onse awiri oyambitsidwa mu 1948, ndi nkhani ina: kumene amalipiritsa, mtengo umalembedwa poyera ndipo mumadzera ku ofesi yawo yodziwika.

Za malipiro, malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku France, atachimenti ikapitirira miyezi iwiri wophunzira ayenera kupatsidwa kangachepe, ndipo siloledwa kupitirira miyezi isanu ndi umodzi pamalo amodzi m'chaka chimodzi cha sukulu. Ku United States amayang'ana amene akupindula kwambiri pakati pa wophunzira ndi kampani. Ngati ndi kampani, ameneyo ndi wantchito woyenera kulipidwa. Funsani ku ofesi ya zantchito ya dziko lanu. Kulikonse kumene muli, musanayambe pemphani kalata yonena masiku, maola, dzina la wokuyang'anirani, alawansi ngati ilipo, ndi amene adzalipire chipatala mukavulala pa ntchito. Lonjezo la pakamwa limaiwalika mwezi ukamatha.

Popeza mukuphunzira zamakompyuta, yang'ananinso mapulogalamu awiri ophunzirira ntchito zamakompyuta: Google Summer of Code, imene inayamba mu 2005, ndi Outreachy. Zonsezi zimachitikira pa intaneti, zimalipira, ndipo kufunsira n'kwaulere.

Ndinafufuta mwangozi mafomyula owerengetsera manambala pa spreadsheet (fayilo ya matebulo ya pa kompyuta) imene dipatimenti yonse imagwiritsa ntchito. Palibe amene wazindikira. Ndiulule?
*Wodandaula*

Ululani lero. Koma musanatero, siyani kuigwiragwira fayiloyo, chifukwa kuyesa kukonza mobisa ndi kumene kumawonjezera chisokonezo. Google Sheets imasunga mbiri ya zosintha zonse, ndipo Excel nayo imatero ngati fayilo ili pa OneDrive kapena SharePoint (malo osungira mafayilo pa intaneti), choncho kubwezeretsa kungatenge mphindi zochepa. Mbiri yomweyo imaonetsa dzina la amene anasintha ndi nthawi yake, ndiye kubisa sikungakuthandizeni. Nenani zinthu zitatu mwachidule: chimene chachitika, nthawi yake, ndi chimene mukuganiza kuti chichitike. Kuopsa kwa kuchedwa n'kwakuti wina atenga manambala olakwikawo n'kuwaika mu lipoti lopita kwa mabwana. Kuyambira pano, fayilo ya anthu onse muziikopa kaye n'kugwirira pa kope lanu.

Ndatsala ndi masabata awiri koma logbook (buku lolembamo zimene ndachita tsiku ndi tsiku) sindinalembemo chiyambire sabata yachitatu. Ndikufunanso kalata ya umboni. Ndiyambire pati?
*Wa chaka chachitatu, maphunziro a uinjiniya*

Musapeke. Mphunzitsi wozolowera amazindikira masabata asanu olembedwa usiku umodzi ndi cholembera chimodzi, ndipo wokuyang'anirani sangasainire zimene sakuzikumbukira. Bwezeretsani masikuwo pogwiritsa ntchito zimene zilipo: maimelo amene munatumiza, madeti a mafayilo, mauthenga a pa foni, buku losainira polowa. Kenaka uzani wokuyang'anirani kuti munatsalira, muonere limodzi asanasaine.

Polemba, pewani mawu ngati "ndinathandiza mu workshop". Lembani chimene munachita, chida chimene munagwiritsa ntchito, kuchuluka kwake, ndi chimene chinavuta: "Ndinayeza mabelingi 12 ndi vernier caliper, awiri anali atadyeka kupitirira muyezo, tinawasintha." Mizere yotereyi ndi yomwe mudzaikenso pa CV, ndipo ndi yomwe mudzayankhire akadzakufunsani pa intavyu kuti munachitako chiyani. Mayina a makasitomala, mitengo, zojambula za makina ndi zithunzi za m'kati mwa fakitale musaziike mu lipoti kapena pa intaneti popanda chilolezo.

Kalata ya umboni ipempheni sabata ino, osati tsiku lotsanzika. Mlendo ndi mame. Pakapita miyezi itatu pa mpando wanu padzakhala wina ndipo wokuyang'anirani adzavutika kukumbukira zimene munachita. Mupatseni kapepala kolembapo ntchito zitatu kapena zinayi zimene munamaliza kuti asavutike polemba. Kalatayo ikhale pa pepala la kampani, itchule masiku amene munayamba ndi kutsiriza, ndipo ikhale ndi dzina, udindo ndi siginecha yake. Mufunseninso ngati akulola kuti muike nambala yake pa CV. Ntchito imene simunamalize ilembeni pa tsamba limodzi: pamene mwalekezera, kumene mafayilo ali, ndi chimene chatsala. Makiyi, chiphaso cholowera ndi laputopu zibwezeni kwa munthu amene asainire kuti walandira.