Amayi anagwa potuluka kubafa: ndiwatumizire gemu ya pa TV ija?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mlongo wathu wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ku UK. Ndaidula pang'ono: "Amayi anga ali ndi zaka 74, amakhala ku Zomba ndi mdzukulu wawo wa Fomu 2. Mwezi watha anagwa potuluka kubafa. Sanathyoke, koma chigwereni safunanso kuyenda, amangoswera pakhonde. Kuno kuntchito timaseweretsa agogo magemu a pa TV oponda uku ndi uku, akuti amachepetsa kugwa. Ndapeza Wii yogwiritsidwapo kale ntchito, yotchipa. Ndigule ndiwatumizire?"

Achemwali, pepani ndi zimene zinawaonekera amayi. Yankho langa ndi loti zipangizo zoterezi zimathandizadi, koma Wii imeneyo musaithamangire. Pa zonse mwalemba, chandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuswera pakhondeko. Munthu wamkulu akagwa kamodzi amagwidwa mantha, n'kuyamba kukhala pansi tsiku lonse, ndipo a pabanja timawalimbikitsa mwachikondi kuti "khalani agogo, titunga ndife." Miyendo yosagwira ntchito imafooka msanga, ndiye tsiku lodzadzuka mofulumira amagwanso, ulendo uno moipa. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo oposa 80 peresenti ndi a m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati. Kwathu kuno munthu wokalamba akathyoka fupa la m'chiuno kapena la ntchafu, nthawi zambiri amagona kuchipatala milungu ingapo mwendo uli pachingwe chokoka. Ambiri sabwereranso mwakale.

Tsono za makinawo. Wii, makina osewerera magemu pa TV, inatuluka mu 2006, ndipo kathabwa kake koimapo, kooneka ngati sikelo ya kubafa, kanabwera ndi gemu yolimbitsa thupi yotchedwa Wii Fit mu 2007. M'makona ake anayi muli timasensa toyeza mbali imene thupi lalemera. Mukapendekera kumanzere, kamunthu ka pa TV nako kamapita kumanzere. Mu 2010 Microsoft inatulutsa Kinect, kamera yoona thupi lonse popanda kugwira kanthu. Zonse ziwirizi anapangira ana ndi mabanja, koma akatswiri a mafizo anazikonda n'kuyamba kuzigwiritsa ntchito. Zonse zinasiya kupangidwa, n'chifukwa chake mwaipeza yotchipa. Kafukufuku wambiri wa Wii anali wa anthu ochepa, ndipo ankayeza ngati munthu akuima molimba, osati kuwerenga kuti pachaka wagwa kangati.

Umboni wolimba unachokera ku Sydney, ku Australia, ku bungwe lofufuza za ubongo la NeuRA. Iwo anapanga kamkeka kopondapo kotchedwa smart±step, kolumikiza ku TV. Gemu ikamayenda, munthu amayenera kuona, kuganiza, n'kuponda bwalo loyenera mwachangu. Anayesa pa anthu 769 a zaka 65 kupita m'tsogolo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2024: pa chaka chimodzi, kugwa kunachepa ndi 26 peresenti mwa amene ankaponda mkekawo. Chimene chinandigwira mtima ndi gulu lina limene linkasewera magemu omwewo lili chikhalire, pogwiritsa ntchito manja. Kwa iwowa sipanaoneke kusintha kodalirika. Akatswiri omwewa a NeuRA ali ndi pulogalamu ya pa tabuleti yotchedwa StandingTall, ya maola awiri pa sabata. Pa anthu 503 a zaka 70 kupita m'tsogolo, kugwa kunachepa ndi 16 peresenti pa zaka ziwiri.

Manambala amenewa ayikeni pambali pa awa. Mu 2019 akatswiri a Cochrane, bungwe losanthula kafukufuku wa zaumoyo, anasonkhanitsa kafukufuku 108 wa masewera olimbitsa thupi, n'kupeza kuti amachepetsa kugwa ndi 23 peresenti. Ndondomeko ya Otago ya ku New Zealand, imene John Campbell ndi Clare Robertson anayambitsa m'zaka za m'ma 1990, imafuna mpando, tizitsulo tomanga m'akakolo ndi mphindi 30 katatu pa sabata, kuphatikizapo kuyendako pang'ono, koma inachepetsa kugwa ndi 35 peresenti. Mwaona nokha. Chochiritsa ndi mwendo umene ukuponda, osati TV. Ntchito ya makina ndi kunyengerera munthu kuti asatope nazo, kumuwerengera zigoli, ndi kukhwimitsa masewera akayamba kuwazolowera. Imeneyi si ntchito yochepa, poti pepala la mafizo lochokera kuchipatala tonse tikudziwa kuti limathera pansi pa matiresi.

Nanga kuponda mabwalo kukukhudzana bwanji ndi kubafa? Phazi likaterereka kapena likapunthwa, nkhani yonse imatha m'kaphindi kosakwana sekondi. Mwendo winawo uyenera kuthamangira pamalo oyenera thupi lisanapitirire. Achinyamata timachita zimenezi osadziwa n'komwe. Munthu akamakula mwendo umachedwa, makamaka maganizo akakhala kwina, monga atanyamula ndowa uku akuyankha woodira. Magemu abwino amaphunzitsa mwendo kufulumira mutu uli wotanganidwa.

Tiyeni tibwere ku Zomba. Pulagi ya ku UK ilowa bwinobwino pa soketi ya kwathu, pamenepo palibe vuto. Koma Wii ifuna TV, magetsi osathimathima, mabatire anayi a kathabwa kaja, ndiponso munthu wowerenga Chingerezi cha pa sikirini. Kathabwako n'kokwera pang'ono, ndipo munthu amene akuopa kale kugwa kumuuza kuti akwerepo maso ali pa TV, popanda chogwirira, n'kumuika pa ngozi. Kuntchito kwanu mumaima pambali pa agogo aja, dzanja lili chire. Ku Zomba adzaima ndani mwana ali kusukulu? Ndikuona gemuyo ikugwidwa ndi ana a m'mudzi, amayi akuonerera ali pampando.

Azakhali anga, amene zaka zawo zikufanana ndi za amayi anu, tinawachitira zina. Tinajambula ndi choko pa simenti ya pakhonde mabwalo asanu ngati a phada: limodzi pakati, ena kutsogolo, kumbuyo, kumanja ndi kumanzere. Iwo amaima pakati, dzanja limodzi lili pafupi ndi khoma, mpando wolemera uli mbali inayo. Mdzukulu amaitana: "Kutsogolo! Kumanzere!" Iwo amaponda n'kubwerera pakati. Tsiku loyamba anakana, amvekere, "Ine ndidumphe phada ndi imvi zangazi?" Palibe kudumpha, tinatero, n'kuponda chabe. Patatha milungu iwiri mwana uja anayamba zachinyengo. Bwalo lililonse analipatsa dzina la ndiwo: chambo, nyemba, bonongwe, usipa. Kenaka anaika lamulo loti akati "kumanja" iwo aponde kumanzere. Azakhali akalakwitsa amamukalipira, koma mawa lake ndi iwo oyamba kufunsa kumene kuli choko. Choko sichinayesedwe pa anthu 769, koma zimene mwendo ndi mutu zikuchita pamenepo ndi zomwe zija: kumva, kusankha, kuponda msanga. Onjezanipo kudzuka pampando osagwira ndi manja kakhumi, kuima chala ndi chidendene mondondozana, ndi kunyanyamphira atagwira khoma. Kungoyenda kokha, ngakhale n'kwabwino pa zina, sikukwanira pa nkhani ya kugwa.

Koma izi zisanayambe, amayi aonedwe kuchipatala, ndipo wina awafunse bwino mmene anagwera. Kodi anaterereka pa ndere, kapena anachita chizungulire, kapena maso anachita mdima? Mankhwala ena a BP ndi ogonetsa amachititsa chizungulire munthu akadzuka mwadzidzidzi, ndipo adokotala akhoza kuyeza BP atagona ndi ataimirira n'kusintha mlingo. Asasiye okha mankhwalawo. Shuga amabweretsa dzanzi kumapazi, munthu osamva pamene waponda. Ng'ala imabisa masitepe, pomwe opaleshoni yake ndi yachidule ndipo imachitika kwathu konkuno. Ku Zomba Central Hospital kuli a mafizo. Apempheni ayese amayi ndi kuwasankhira masewera owayenera. Kuyesa kumodzi mdzukulu akhoza kuchita ndi wotchi ya pafoni: amayi adzuke pampando, ayende mamita atatu, atembenuke, abwerere n'kukhala. Zikatenga masekondi 12 kapena kuposa, ngozi ya kugwa ndi yaikulu, ndipo masewera asachitike popanda munthu wamkulu pambali.

Ndalama ya Wii ndi yotumizira ija ndikanakhala ine ndikanaigawa chonchi: mmisiri aike chitsulo chogwirira kubafa ndi kuchimbudzi, akwakwaze simenti yoterera ija, mugule nyale ya sola ya panjira yopita kuchimbudzi usiku, ndi nsapato zogwira chidendene m'malo mwa patapata. Chitenje azimanga chokwera pang'ono, chisamakolane ndi zala. Yotsalayo ikhale ya bandulo. Lamulungu madzulo imbani pa vidiyo ya WhatsApp, mdzukulu aimike foni pazenera, ndipo oitana mabwalo mukhale inuyo muli ku Leeds komweko. Muzilemba kuti aponda molondola kangati pa mphindi imodzi, sabata yotsatira muwauze chigoli chawo chakale kuti achipose. Mukadzabwera pa Khirisimasi n'kupeza kuti akuzikonda ndipo akuima molimba, pamenepo tidzakambirane za tabuleti kapena kamkeka kopondapo, inu muli pomwepo kuti muwayambitse nokha.