Funsani Tikuyankheni: Pa mphakati pathu amalankhula ndi anthu atatu okha

FUNSO: Ndine wapampando wa mphakati wa mabanja 18. Tikakumana kuti tigawane Mawu a Mulungu, amalankhula ndi abambo atatu okhaokha, ndipo wina akanena zosiyana nawo amamudula pakamwa. Ena ayamba kunena kuti wosadziwa kulalika alibe chikhulupiriro. Nditani? Mayi wapampando, Lilongwe.

YANKHO: Zikomo mayi. Tiyambe ndi nkhani ya kulalikayo. Mu Uthenga Wabwino simupezamo ulaliki wa Andrea ngakhale umodzi, koma ndiye anatengera Petro kwa Yesu (Yohane 1:42), ndiye analoza mnyamata wa buledi asanu ndi nsomba ziwiri (6:8-9), ndiyenso anapita ndi Filipo kukauza Yesu za Agriki omwe ankafuna kumuona (12:22). Pa za kusiyana maganizo, Mpingo nawonso unasunga mabuku anayi a Uthenga Wabwino osawasakaniza, ngakhale amasiyana kafotokozedwe. Marko sanenapo za kubadwa kwa Yesu, pamene Mateyo akuyamba ndi mndandanda wa makolo kuchokera kwa Abrahamu.

Miphakati inalimbikitsidwa ndi maepiskopi a AMECEA (bungwe la maepiskopi a Katolika a kum'mawa kwa Africa) mu 1973, ndipo ku Lilongwe kwanuko Ambuye Patrick Kalilombe, omwe anali episkopi nthawi imeneyo, anaigwirira ntchito kwambiri. Cholinga chinali chakuti Akhristu wamba amve ndi kukambirana Mawu pamudzi pawo. Ikasanduka guwa la anthu atatu, yasochera.

Njira ya masitepe 7 ya ku Lumko, malo ophunzitsira za utumiki wa Mpingo ku South Africa, ndi yomwe miphakati yambiri imatsata: kuitana Ambuye m'pemphero, kuwerenga ndime, kutchula mawu amene akukhudzani, kukhala chete, kugawana, kukambirana ntchito yoti mugwire, ndi kupemphera. Zinthu zimaonongeka pa sitepe yachinayi ndi yachisanu.

Kukhala chete kuja ambiri amakudumpha chifukwa kumachititsa manyazi, wina ayamba kutsokomola, wina wayambitsa nyimbo. Gwirani wotchi, mphindi 3 zikwane. Anthu ofatsa amafuna nthawi imeneyi kuti asonkhanitse maganizo. Mukaichotsa, mwapereka bwalo kwa okhawo amene mawu amakhala pamlomo.

Pogawana ikani lamulo ndipo muzilibwereza sabata iliyonse: munthu ayambe ndi “Ine andikhudza ndi mawu akuti...”, osati “Abale, tiyenera...”. Woyamba ndi “tiyenera” wayamba kulalika. Aliyense mphindi 2, kamodzi kokha, ndipo palibe woyankha mnzake. Gulu lingoti zikomo. Inu mulankhule pomalizira, chifukwa wapampando akayamba, ena amangovomereza.

Yang'aninso kakhalidwe. Abambo pamipando, amayi pamphasa kumbuyo, achinyamata pakhonde: pamenepo musadabwe kuti kuli zii. Mtengwa sanganene zosiyana ndi apongozi ake pagulu, ngakhale mutamupempha bwanji. Mukapitirira anthu 12, gawikanani m'timagulu ta anthu 5 kapena 6 kwa mphindi 20, apongozi kwina, achinyamata paokha, kenaka mubwerere pamodzi. Kuwerenga ndi kutsogolera kuzizungulira. Osadziwa kuwerenga asatsale. Ndime iwerengedwe kawiri pang'onopang'ono.

Tsopano kusiyana maganizoko. Tengani fanizo la mwana wolowerera pa Luka 15. Mayi amene mwana wake anapita ku Joni osaimbanso foni adzamva ululu wa bambo uja. Mwana woyamba kubadwa amene walipirira azing'ono ake fizi zaka zambiri adzaima ndi mwana wamkulu wokwiya uja wa m'fanizomo. Palibe wolakwa apa, ndimeyo ndi yomweyo koma yagwera pa mabala osiyana. Wodzudzula mmodzi wa iwo wataya theka la fanizo.

Nkhani ndi ina ngati munthu wanena zotsutsana ndi chiphunzitso cha Mpingo, monga kuti ubatizo wa ana ndi wachabe. Ngakhale apo musamuyalutse pagulu. Prisila ndi Akwila atamva Apolo akuphunzitsa mopereweza, anamutengera pambali namufotokozera bwino (Ntchito 18:26). Mlembi alembe funsolo, mukalipereke kwa akatekisiti kapena bambo mfumu, yankho libwere pa msonkhano wotsatira.

Abambo atatu aja muwaone paokha musanayambe zonsezi, mwaulemu. Apatseni ntchito yoyenera mphatso yawo, monga kuphunzitsa akalasi kapena kulankhula pa maliro, ndipo mmodzi mwa iwo mumupemphe kuti ndiye azigwira wotchi.