Kodi mwana wa mchona angapite ku Kulamba?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Mufakose. Anabadwira konkuno ku Harare, koma agogo ake anachokera ku Dedza m'masiku a magalimoto a Ulere, omwe ankanyamula ulere anthu okafuna ntchito ku Rhodesia, ndipo sanabwererenso. Akufuna kukaona mwambo wa Kulamba, koma akuti Chichewa chake ndi chosakanikirana ndi Chishona, mudzi wa agogo sakuudziwa bwino. Ndiye wafunsa kuti, "Kodi sakandiseka? Nanga ndidzere njira iti?"

Achimwene, pitani. Za kusekedwazo ndizitchula, koma tiyambe ndi msewu.

Kulamba amachitira ku Mkaika, m'boma la Katete kum'mawa kwa Zambia, Loweruka lomaliza la Ogasiti. Kumeneko ndiye kulikulu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mafumu a Achewa ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amabwera kudzagwada pamaso pake, kupereka mitulo ndi kunena momwe anthu awo akukhalira. Atsamunda anauletsa mwambowu mu 1934, unadzayambiranso mu 1984. Mu 2007 kunafika apulezidenti atatu tsiku limodzi: Mwanawasa, Mutharika ndi Guebuza.

Njira zilipo ziwiri. Yodziwika ndi ya ku Chirundu: mukwere basi ya ku Lusaka, mukafika musinthe, mulowe Great East Road. Kuchokera ku Lusaka kukafika ku Katete ndi makilomita pafupifupi 500, ndiye muwerengere masiku awiri. Ina ndi yodzera ku Nyamapanda, kuoloka Zambezi pa Tete, kukatulukira pachipata cha Chanida. Pamapu yachiwiriyi ndi yachidule, koma mumadinditsa pasipoti pazipata zambiri ndipo muyenera kukhala ndi galimoto yanuyanu kapena mtima wautali. Ine ndinadzera ku Chirundu. Pobwerera basi inatifera pakati pausiku kutsidya kwa mlatho wa Luangwa, tinagona pampando mpaka kunja kutayera. Tengani jekete. Mphepo ya Ogasiti usiku siyang'ana nkhope, ndipo masana fumbi lake limalowa mpaka m'mano. Madola anu musinthe kukhala makwacha a ku Zambia musanafike ku Katete. Malo ogona amadzaza msanga, ena amakagona ku Chipata n'kulawirira.

Mufike Lachinayi kapena Lachisanu. Tsiku lenilenilo pamachuluka zolankhula za andale, anthu ndi piringupiringu, wamfupi ngati ine amangoona misana ya anzake. Masiku oyambirirawo ndiye okoma. Ng'oma zimalira usiku wonse, amayi akuvina chimtali atavala zitenje zofanana za nkhope ya Kalonga, m'mbali muli ogulitsa thobwa, chiwaya ndi mbewa zowamba.

Gule mukumudziwa kale. Tonse tinakula tikuthawa zvigure ku Mufakose, ku Mabvuku, ku Dzivarasekwa, anzathu achishona akutinong'oneza kuti ndi ufiti wa mabhurandaya, dzina lonyoza anthu ochokera ku Malawi. Ine pasukulu ndinkakana kuti sindine wa anthu amenewo. Ndiye tangoganizani, ndaima pa Mkaika, fumbi lili kobo, makanja akulowa m'bwalo mutu wake ukuposa denga la shedi, pambuyo pake kasiyamaliro akuzungulira ngati kamvuluvulu, amayi akuomba m'manja n'kumayankha nyimbo, apolisi ali kalikiliki kukankha anthu kuti zilombo zipeze povinira. Nduna za boma zinali kuonerera zitakhala pamipando. Chinthu chomwe ndinkachita nacho manyazi ku Harare, kumeneko chinali cha ulemu, ndipo UNESCO inachizindikira kale mu 2005. Misozi inalengeza, ndinanamizira fumbi.

Komatu samalani khalidwe. Ngati simunagule njira, kudambwe si kwanu, musakasuzumireko. Musafunse kuti wavala chigobacho ndani, pakuti chilombo si munthu. Chikakuyandikirani, konzani kandalama kosupa, mukaike pansi. Foni jambulani muli pomwe akuimikani, osati kulowa pakati pa bwalo ngati mtolankhani. Anamwali akamatuluka, inu ngati mwamuna muonerere mwaulemu. Mfumu ikamadutsa muvule chipewa, munjute, muombe m'manja mwaphee. Mlongo wanu akatsagana nanu asaiwale chitenje.

Tsono za chilankhulo. Inde, akusekani pang'ono. Ine ndinapempha sadza pamalo ogulitsa nsima, mayi wake anaseka mpaka kuitana mnzake kuti adzamve. Kenako anandifunsa kuti, "Mwachokera ku Halale?" Ndinavomera. Anati amalume awo anapita kumeneko iwo asanabadwe, mpaka lero zii, ndipo anandionjezera ndiwo osalipiritsa. Kumbukiraninso kuti pabwalo limenelo Chichewa si chimodzi. Wa ku Katete amaponyamo mawu ake, wa ku Angónia amasakaniza ndi Chipwitikizi, wa ku Lilongwe naye ali ndi kalankhulidwe kake. Chanu cha Chishonacho chingokhala china mwa izo.

Chomwe adzakufunsani ndi mfunda. Ndinu a Phiri? A Banda? A Mbewe? Ndipo popeza Achewa timatsata kuchikazi, funso lotsatira ndi lakuti amayi anu kwawo n'kuti. Apa ndiye pali ntchito yanu musanagule tikiti. Mwanena kuti azakhali anu akadali moyo ku Highfield. Pitani Lamlungu likubwerali ndi paketi ya shuga, mukhale pansi, muwafunse dzina la mudzi, la nyakwawa ndi la mfumu yaikulu. Ngati ndi kwa Kaphuka kapena kwa Kasumbu, mulembe papepala. Ku Mkaika anthu a mfumu iliyonse amakhala pamsasa pawo, ndipo mukhoza kuyenda n'kumafunsa kuti a ku Dedza ali pati. Mukawapeza, mupereke moni, mutchule dzina la agogo anu, kenako mudikire. Nkhalamba zimayamba zakhala chete, zikufufuza m'mutu.