Chigwiriro cha revolver chang'aluka, chathabwa kapena chalabala?

Bambo wina wa ku Mufakose wanditumizira imelo, akuti ali ndi Smith & Wesson Model 10 ya .38 Special, mapepala onse a ku polisi ali nawo, koma chigwiriro chake chathabwa chang'aluka mbali imodzi moti chikugwedera m'manja. Akufunsa ngati asake chathabwa china kapena angoika chalabala ngati zija za makampani a Hogue ndi Pachmayr.

Bambo, musanafike nkomwe pa za thabwa ndi labala, yambani mwadziwa felemu ya mfuti yanu, chitsulo chija chomwe chigwiriro chimamangidwapo. Model 10 ili m'gulu lomwe a Smith & Wesson amati K frame, koma K frame yomweyo inatuluka mitundu iwiri kumunsi kogwira kuja, ina yozungulira yomwe amati round butt, ina yamakona yomwe amati square butt. Chigwiriro cha round butt sichikhala pa square butt, ndipo cha J frame, timfuti ting'onoting'ono tija, sichikwana nkomwe. Ndiye tsegulani silinda, mozungulira muja molowa zipolopolo, chotsani zipolopolo zonse, yang'ananinso kawiri, kenako masulani sikuluwu imodzi ija yomanga chigwiriro muone chitsulocho chili maliseche. Chijambuleni pa foni mukaonetse wogulitsa mfuti wovomerezeka mtauni, osangotumiza ndalama ku Johannesburg kwa m'bale poti mwaona chithunzi chokongola pa intaneti.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga uli, ndi dzanja lanu. Revolver mukamaombera osayamba mwakoka hamala, kachitsulo kakumbuyo komenya chipolopolo kaja, chala chimagwira ntchito yolemera ndithu, chikuzungulitsa silinda komanso kukweza hamala nthawi imodzi. Chalacho chiyenera kufika pa trigger, kokokera kaja poombera, mpaka pamfundo yoyamba mfuti ili molunjika ndi mkono. Zigwiriro zina zalabala zimaphimba chitsulo chakumbuyo kwa felemu, zimafewetsa kumenya kwa mfuti inde, koma zimatalikitsa mtunda wofika pa trigger, ndiye ngati zala zanu nzazifupi mumapezeka mwaipotoza mfuti m'dzanja kuti chala chifike, mapeto ake zipolopolo zikupita pambali inu nkumaiimba mlandu mfuti. Ngati manja anu ndi aang'ono sankhani chosiya chitsulo chakumbuyocho poyera.

Tsopano labala ndi thabwa. Kutentha kwa mu Okutobala kuno ku Harare mukukudziwa, manja amachita thukuta, ndipo labala satelera ngati thabwa losalala. Vuto lake amasunga chinyontho pansi pake, nyengo ya mvula ikafika dzimbiri limayamba mwakachetechete pa felemu osalionera, choncho muzichimasula nthawi ndi nthawi nkupukuta ndi kansalu ka oyilo pang'ono. Labala amakodwanso ku malaya ngati mumaibisa m'chiuno. Thabwa silikodwa, limaoneka bwino, ndipo kwa .38 Special yomwe simenya kwambiri ngati .357 Magnum, thabwa lokhala ndi timizere togwira limakwanira bwinobwino. Ine pa mfuti ngati yanuyi ndikanasankha thabwa, pokhapokha ngati muli ndi nyamakazi m'manja kapena mumaombera kwambiri ku range, malo oyeserera kuombera, pamenepo labala ndi amene angakuthandizeni.

Wina angakuuzeni kuti kalipentala akusemereni cha mlombwa. Thabwalo ndi labwino, sindikukana, koma mkati mwa chigwiriro mumafunika mugwirane ndendende ndi felemu komanso kapini kakang'ono kali kumunsi, kukakhala kampata pang'ono chiyambanso kugwedera nkung'aluka pomwepo. Ntchito imeneyo isiyireni wokonza mfuti.

Kumbukiraninso kuti nambala ya mfuti ya Smith & Wesson imakhala pansi penipeni pa chitsulo chogwiracho, ndipo zigwiriro zikuluzikulu zimaiphimba. Tsiku lomwe apolisi a ZRP adzafune kufananitsa nambalayo ndi yomwe ili pa setifiketi yanu, mudzafunika kuchimasula, ndiye sikuludilaiva yokwana bwino pa sikuluwu ija izikhala pafupi. Pomanga musakhwimitse mopyola, thabwa limang'aluka ndi zimenezo, mwina nchomwe chinachitikira chakalecho. Ngati mumagwiritsa ntchito speedloader, yolowetsera zipolopolo zonse m'silinda nthawi imodzi, iyeseni ndi chigwiriro chatsopanocho musanalipire, chifukwa zina nzonenepa mbali ya kumanzere moti imagunda osalowa.