Kanema wa chinkhoswe wakulitsa, ndimuchepetse bwanji?

Funso: Ndinajambula chinkhoswe cha mng'ono wanga ku Chinamwali ndi foni, ndipo kanemayo wakwana 3GB. Achibale a ku Johannesburg akumufuna, koma ndikatumiza pa WhatsApp nkhope zikungooneka mbuu, maluwa a pachitenje osadziwikanso. Nditani?
Mayi wa ku Matawale, Zomba

Yankho: Mayi, foni yanu ilibe mlandu. WhatsApp imafinya yokha kanema amene mwatumiza mwachizolowezi, ndipo chimene imasamala n'choti apite msanga basi. Kufinyako chitani nokha, kamodzi kokha, kuchokera pa kanema amene ali mufoni yojambulirayo, osati amene wadutsa kale pa WhatsApp.

Yambani mwadula malo amene foni inkangoloza mipando ndi tenti. Kenako pezani kompyuta, mukoperemo kanemayo, muikemonso HandBrake, pulogalamu yaulere yofinyira makanema. M'pulogalamuyo sankhani MP4 (mtundu wa fayilo) ndi H.264 (njira yofinyira kanema). Muona nambala yotchedwa RF: ikachepa chithunzi chimakongola koma fayilo imakula, ikakwera fayilo imachepa koma nkhope zimayamba kusungunuka. Ine ndimaika pa 22, ndipo pa kanema wa anthu sindidutsa 24. Ngati achibalewo akaonera pa foni, tsitsani kukula kwa chithunzi, 1080p ikhale 720p, pakuti pasikirini yaing'ono diso silisiyanitsa kwenikweni. Pa Encoder Preset, posankhira liwiro la kufinyako, ikani Slow. Kompyuta ichedwa ndithu, choncho ichiteni nthawi imene magetsi alipo, koma kanema atuluka bwino.

Ena akuuzani za H.265, njira ina yofinyira kanema. N'zoona kuti imatha kuchepetsa fayilo pafupifupi ndi theka chithunzi chili chomwecho, koma ma TV akale oonera pa fulashi ndi mafoni ena saiwerenga. Chinkhoswe n'choonera banja lonse, agogo omwe, n'chifukwa chake ine ndimakhalabe pa H.264.

Musanafinye yense, yesani kaye kachigawo ka perekaniperekani. Pamene anthu akuvina ndi kuponya ndalama m'lichero ndi pamene chithunzi chimasweka msanga, chifukwa chilichonse chikuyenda. Pakaoneka bwino pamenepo, ndiye kuti kwinako kulibe vuto. Nambala ya kumveka kwa mawu isatsike pansi pa 128 kbps, chonde. Malangizo a ankhoswe akapanda kumveka, kanemayo waonongeka ngakhale zithunzi ziwale bwanji.

Potumiza, dinani Document, musasankhe pa zithunzi. Mukatero WhatsApp siikhudzanso fayiloyo, ndipo imalola mpaka 2GB. Kanema woyamba uja musamufufute, musungeni pa fulashi kapena pakompyuta.