Nyimbo yamveka ka 40,000, nanga ndalama zili kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Ndirande. Mwachidule akuti: "Nyimbo yanga yamvedwa ka 40,000 pa intaneti, koma ndalama zomwe ndikuona sizingagule ngakhale thumba la chimanga. Anzathu otchukawa amadyera pati? Ndisiye ntchito ya m'sitolo kuti ndilimbikire zoyimba?"

Achimwene, ntchitoyo musasiye kaye. Khalani pansi tiwerengere limodzi.

Tiyambe ndi Spotify, kampani yomveretsa nyimbo pa intaneti, yomwe inafika kuno mu 2021. Ambiri amaganiza kuti pali mtengo woikika pa nyimbo iliyonse ikamvedwa, ngati mtengo wa tomato pa mulu. Ayi ndithu. Kampaniyi imasonkhanitsa ndalama zomwe yapeza m'dziko lililonse, kwa olipira pamwezi ndi kwa otsatsa malonda, n'kupereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu kwa eni nyimbo. Mphikawo umagawidwa potengera kuti mwa nyimbo zonse zomwe zamvedwa, zanu ndi zingati. Munthu akadumpha nyimbo yanu masekondi 30 asanakwane, siiwerengedwa. Ndipo kuyambira 2024, nyimbo yomwe sinamvedwe ka 1,000 pa miyezi 12 silandira kanthu.

Anthu a ku America ndi ku Ulaya akamawerengera, amati nyimbo ikamvedwa ka 1,000 imabweretsa madola atatu mpaka asanu. Ndiye kuti 40,000 yanuyo ikanakhala madola 120 mpaka 200, akanakhala kuti okumverani ali ku London. Koma okumverani ali ku Zingwangwa ndi ku Mchesi, ambiri akumvera zaulere, bandulo ikuwathera m'manja. Mphika wathu ndi waung'ono, choncho chipande chake n'chaching'ononso. Boomplay, Audiomack ndi YouTube nkhani yake ndi yomweyo: otsatsa malonda amalipira zochepa kuti afikire munthu wa kuno. Pamenepo sitinachotse za makampani monga DistroKid kapena TuneCore omwe anakuikirani nyimboyo pa intaneti, sitinatchule mutu womwe umapweteka kuti madolawo afike m'thumba mwanu. Komanso musaiwale kuti Amalawi ambiri amene amakonda nyimbo yanu anaipeza pa WhatsApp, kapena anakaiikitsa pa memori kadi pamsika. Amenewo palibe makina amene akuwawerenga.

Kale zinali zina. Woyimba ankanyamula nyimbo zake kupita nazo kwa O.G. Issa, wamalonda wogulitsa nyimbo, makaseti n'kugulidwa, ndalama n'kuoneka ndi maso. Malonda amenewo anafa ndi makompyuta okopera nyimbo, ndipo intaneti sinabwezeretse zomwe zinatayikazo.

Ndiye amadyera pati? Pakhomo. Taonani a Black Missionaries: kuchokera ku Chileka, chaka ndi chaka ali pamsewu, lero Mzuzu, mawa Kasungu, mkuja Mchinji. Malemu Lucius Banda ndi Zembani Band ankachita chimodzimodzi, mpaka anafika poyambitsa Sand Music Festival. Anthu amenewa sankayenda chifukwa chokonda kugona m'basi.

Komatu pakhomo pali zake. Ine ndinakhalapo wotolera ndalama pakhomo pa shoo ya mnzanga wina, malo ake sinditchula. Tinene kuti alowa anthu 300 pa K5,000, ndiye K1,500,000. Ukamva choncho mtima umagunda. Tsopano yambani kuchotsa: mwini malo, zida zokuzira mawu, jenereta ndi mafuta ake poti magetsi sungawadalire, apolisi, maposita, kulengeza pa wailesi, minibasi, chakudya, kenako woyimba ng'oma, wa besi, wa kiyibodi ndi ovina. Usiku umenewo aliyense anali "wa bandi". Wina ananyamula chingwe chimodzi chokha cha gitala n'kulowa ndi atsikana atatu. Anyamata ena anatulukira nzeru yonyowetsa chidindo cha pamkono ndi malovu n'kudindira anzawo kuseri kwa mpanda. Holo inadzaza mpaka thukuta kutsika m'makoma, koma titakhala pansi mbandakucha kuwerenga, mwini shooyo anatsala ndi ya minibasi yobwerera kwawo basi. Anaseka, koma kunali kuseka kwa pamaliro.

N'chifukwa chake oyimba odziwa amakonda kuitanidwa pamtengo wogwirizana, theka n'kulandiriratu asanakwere galimoto. Mvula ikagwa, kapena shoo ikagundana ndi mpira wa Bullets ndi Wanderers, wolira ndi wokonza shooyo. Amadziwanso kalendala: kumapeto kwa mwezi, nyengo yokolola, Disembala. Kukonza shoo yolipiritsa mu Febuluwale, anthu akusaka ufa, n'kudzipha wekha. Ndalama zina zonona sizimveka n'komwe: maukwati, zinkhoswe, maphwando a makampani, kukhala kazembe wotsatsa malonda, ndi ulendo wokayimbira abale athu ku Johannesburg kapena Cape Town. Kwa oyimba zauzimu, tsiku lokhazikitsa chimbale mlendo wolemekezeka amagula CD imodzi pamtengo womwe Spotify singakupatseni chaka chonse.

Apa ndiye mukuona ntchito yeniyeni ya 40,000 yanu ija. Ndi chikwangwani. Wokonza shoo akafuna kudziwa ngati mungakoke anthu, ndi manambala amenewo omwe amayang'ana, ndipo ndi omwe mumanenerera mtengo.

Za matisheti ndi zipewa sindichulutsa. Kunja magulu ambiri amapulumukira pomwepo, chifukwa phindu la tisheti imodzi limaposa la nyimbo yomvedwa ka 1,000. Kuno mukupikisana ndi kaunjika. Dindani zochepa, gulitsani pashoo pomwepo anthu mtima uli m'mwamba, landirani Mpamba ndi Airtel Money, ndipo abale asatenge pangongole. Mukadinda 200 musanadziwe okukondani, mudzazivala nokha mpaka ukalamba.

Chomwe chandidandaulitsa mu imelo yanu n'chakuti simunatchule COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso m'dziko muno. Bungweli limatolera ndalama ku mawailesi, makanema ndi malo azisangalalo omwe amaika nyimbo zanu, komanso pansi pa lamulo la 2016 pali ndalama yomwe imadulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni ndi mafulashi zikamalowa m'dziko muno. Imeneyo ndiyo njira yokhayo yomwe anthu a memori kadi aja amakulipirirani, ngakhale mozungulira. Koma wosalembetsa sagawiridwa.

Musanapite kumeneko, kaonaneni ndi pulojusa wanu. Nyimbo ili ndi umwini pawiri: wa amene anaipeka, ndi wa chojambulidwacho. Ngati anakujambulani ulere chifukwa ndi mnzanu wa kusukulu, lembani papepala lero kuti wakuti ali ndi gawo lakuti, musayinirane, aliyense asunge lake. Mukatero mudzandilemberenso, mundiuze kuti shoo yanu yoyamba yolipiritsa pakhomo panadutsa anthu angati, ndipo mwa iwo a bandi anali angati.