Amuna anga asankha nyimbo yachisoni: ndiikane?

Mayi wina wandilembera imelo kuti amuna awo akufuna nyimbo yotchedwa Wild Horses (Akavalo Olusa) ya gulu loimba la The Rolling Stones idzalire pa tsiku lokumbukira zaka 20 ali m'banja. Kwa mayiwa ikumveka ngati ya anthu amene akusiyana. Aikane?

Amayi, mwandikhudza pachilonda.

Banja lathu litakwanitsa zaka 9, ine ndi akazi anga tinatha miyezi iwiri tikungolankhulana za ana ndi za ngongole basi. Palibe anazembera mnzake ayi. Tinangotopetsana, ndipo ine ndinalankhula mawu oipa amene sindingawabwereze pano. Tsiku lina usiku ndikutsuka mbale, nyimbo imeneyi inayamba kulira pa wailesi. Akazi anga anadzuka pabalaza, natenga kansalu, nayamba kupukuta mbale zimene ndinkatsukazo. Sitinalankhule kanthu mpaka inatha. Kupepesana kunabwera patapita sabata, ndipo kunali kovuta, koma usiku umenewo ndinadziwa kuti palibe akulongedza katundu.

Nchifukwa chake mtima umandiwawa anthu akamati ndi nyimbo ya anthu amene akusiyana. Woimbayo akuvomera kuti anapwetekana, kuti nthawi yapita, komabe akunenetsa kuti ngakhale akavalo olusa atamukoka, iye sachoka. Keith Richards, woimba gitala wa gululi, anayamba kuipeka mu 1969, mwana wake woyamba atangobadwa, iye akuyenera kunyamuka kukaimba ku America. Mick Jagger, wotsogolera nyimbo m'gululi, analembanso mawu ambiri. Ndiye muli zonse ziwiri: bambo wosafuna kutuluka pakhomo, ndi mwamuna wodziwa kuti walakwira mkazi. Nyimbo zolonjeza kuti simudzakanganapo ndi za pachibwenzi. Kuimbira zoterozo anthu amene agonerana kuchipatala, naika maliro a makolo limodzi, ndi kuwapeputsa.

Ngakhale majambulidwe ake amanditenga mtima. Anaijambula ku Muscle Shoals, ku Alabama, mu Disembala 1969, ndipo piyano anaimba Jim Dickinson chifukwa Ian Stewart, woimba piyano wawo, sankafuna makodi a minor, omveka mwachisoni aja. Mvetserani mmene piyanoyo ikulowera mwamanyazi, ngati munthu wogogoda pachitseko atalakwa.

Oiimbanso

Eni ake anaitulutsa mu 1971 pa chimbale cha Sticky Fingers, koma Gram Parsons ndi gulu lake la The Flying Burrito Brothers anali ataitulutsa kale mu 1970. Mu 1992 a gulu la The Sundays anaiimbanso, mawu a woimba wawo Harriet Wheeler ali opyapyala ngati atha kuduka. Mu 2009 Susan Boyle wa ku Scotland anaiimba ali ndi zaka 48, pang'onopang'ono, ngati pemphero. Ena amanyoza kaimbidwe ka Boyle. Ine ayi. Mwamuna akaiimba ndimamva kupepesa, mkazi akaiimba ndimamva munthu amene anakhululuka koma sanaiwale, ndipo mawu ndi omwewo. Akazi anga amakonda ya The Sundays, ine ya Parsons, ndipo pamenepa sitinagwirizanepo.

Amayi, musaikane musanafunse. Khalani pansi ndi amuna anu, muimvere limodzi, muwafunse chimene amakumbukira ikafika pakolasi. Ngati ya Stones ikulemera pamaso pa alendo, sankhani ya The Sundays, ya Stones mudzaimvere awiriwiri alendo akapita.